Pampu ya Dizilo ndi Amisiri Oikonza

Makaniko wozoloŵera ntchito yake saopa injini. Pansi pa mtengo wa mango kapena m'kakhumbi ka malata kuseri kwa msika, iye angathe kuiphwasula yonse, kuyala zitsulo zake pa chiguduli, kusintha zotha, ndi kuimanganso. Koma pa injini ya dizilo pali chipangizo chimodzi chimene makaniko wanzeru sachitsegula. Amangochimasula, kutseka timabowo take, kuchikulunga m'nsalu yoyera, ndi kuuza mwini galimoto kuti apite nacho ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, kwa amisiri amene ntchito yawo ndi yomweyo basi. Chipangizocho ndi pampu ya dizilo, imene m'magalaja imadziŵika ndi dzina lakuti injector pump. Pa galimoto yaing'ono kukula kwake sikuposa mtanda wa buledi, komabe ndalama zoikonzera zimatha kukhazika minibasi pa miyala kwa miyezi, dalaivala ndi kondakitala nkukhala pakhomo.

Chifukwa cha ulemu wotere chili m'mbiri ya injini ya dizilo yeniyeniyo. Vuto limene linasautsa oyambitsa injiniyi kwa zaka 30 ndi lomwelo limene mmisiri wa pampu amalimbana nalo pa benchi yake: kuyesa kadontho ka mafuta mosaphonya.

Injini ya petulo ili ndi mapulagi amene amathetheka moto ndi kuyatsa mafuta osakanizika kale ndi mpweya. Injini ya dizilo ilibe pulagi yotere, ndipo timapulagi timene madalaivala amayatsa m'maŵa kukazizira ntchito yake nkufunditsa chabe. Pisitoni imakwera ndi kupanikiza mpweya wokhawokha m'silinda, kufikira malo a mpweyawo atachepa ka 16 kapena ka 20, ndipo kupanikizikako kumautenthetsa kuposa madigiri 500. Mafuta akafika pamenepo amangoyaka okha. Kunena nkosavuta. Koma mafutawo ayenera kuloŵa m'chipinda chodzaza kale ndi mpweya umene ukufuna potulukira. Ayenera kuloŵa ali ngati nkhungu, pakuti akaloŵa ngati madzi a pa mpope sapsa onse. Ayenera kuloŵa pa kanthaŵi kake, pisitoni itatsala pang'ono kufika pamwamba, ndiponso ndi muyeso wofanana m'masilinda onse. Injini ya masilinda 4 imene ikuzungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi imafuna kuthiridwa mafuta ka 100 pa sekondi iliyonse, ndipo kuthira kulikonse kumangolingana ndi dontho limodzi la mankhwala a m'maso, kapena kucheperapo.

Rudolf Diesel, amene anabadwira ku Paris m'chaka cha 1858 kwa makolo ochokera ku Germany, anaona bwino lomwe kuti mpweya wopanikizidwa ungayatse mafuta, ndipo m'chaka cha 1893 boma la Germany linampatsa chikalata chotsimikiza kuti nzeruyo ndi yake. Injini yake yoyamba yogwira ntchito mokhutiritsa inayesedwa ku Augsburg m'chaka cha 1897. Inali ya silinda imodzi, yamsinkhu woposa munthu, ya mphamvu za akavalo pafupifupi 20. Koma pa magawo 100 alionse a mphamvu ya mafuta inali kusandutsa magawo 26 kukhala ntchito, pamene injini zambiri za nthunzi za masiku amenewo sizinali kufika ngakhale theka la pamenepo. Chimene chinamkanika Diesel ndi pampu. Anayesa kukankha mafuta okha m'silinda, koma mafakitale a nthaŵi yake sanali kutha kusula zitsulo zogwirana mokwanira kuti zipirire ntchito yoteroyo. Motero anadzera njira yozungulira: pambali pa injini anaika makina opopa mpweya, ndipo mpweya umenewo, wokhala ndi mphamvu yoposa ya m'silinda, ndiwo unali kuuzira mafuta m'kati, monga momwe mlimi amapopera mankhwala pa thonje.

Njirayi inagwira ntchito, koma makina opopa mpweyawo anali olemera, anali kudya gawo la mphamvu ya injini, ndipo sanali kulola liŵiro. Nchifukwa chake injini ya dizilo inakhala zaka zambiri m'mafakitale, m'nyumba zopangira magetsi ndi m'sitima zapamadzi monga Selandia, imene inamangidwa ku Copenhagen ndi kuyamba maulendo ake m'chaka cha 1912. Diesel mwini wake anasoŵa usiku wa pa 29 Sepitembala 1913 m'sitima yotchedwa Dresden, pa ulendo wochokera ku Antwerp kupita ku Harwich, asanaone injini yake ikukoka katundu pa msewu.

Ena anapitiriza pamene iye analekeza. M'chaka cha 1909 Prosper L'Orange wa kampani ya Benz anapeza nzeru yoyamba kuyatsira mafuta m'kachipinda kakang'ono pamwamba pa silinda, zimene zinachepetsa mphamvu yofunika powakankha, ndipo chaka chotsatira James McKechnie wa kampani ya Vickers ku Britain analembetsa njira yokankhira mafuta popanda mpweya. Benz anatulutsa lole ya dizilo m'chaka cha 1923, ndipo pa chionetsero cha magalimoto cha ku Berlin m'chaka cha 1924 panalinso ya kampani ya MAN. Komabe fakitale iliyonse inali kudzisulira pampu yakeyake, movutikira.

Amene anathetsa vutoli sanali wopanga injini konse. Robert Bosch anatsegula kanyumba kake kogwiriramo ntchito ku Stuttgart m'chaka cha 1886, ndipo analemera ndi magineto, chipangizo chopereka moto ku mapulagi a injini za petulo. Injini yosafuna pulagi inali yoopsa kwa malonda ake. M'malo mwa kuinyoza, m'chaka cha 1922 analamula mainjiniya ake kuti ayambe kuipangira pampu. Anthu ake anali atazoloŵera kale ntchito ya tizitsulo ting'onoting'ono, kuphatikizapo timapampu tothira oyilo m'makina. M'mwezi wa Novembala 1927 pampuyo inaloledwa kupangidwa mwaunyinji, ndipo kampani ya MAN ndiyo inayamba kugula. Pofika chaka cha 1934 mapampu 100,000 anali atapangidwa, ndipo m'chaka cha 1936 pampu ya Bosch inali pa Mercedes-Benz 260 D, galimoto ya dizilo yonyamula anthu imene eni matakisi anaikonda chifukwa chosadya mafuta ambiri.

Pampu imeneyi, imene amisiri amaitcha in-line chifukwa timapampu take tandanda mu mzere umodzi, iyenera kufotokozedwa mofatsa, popeza ntchito yonse yokonza mapampu inabadwira m'kati mwake. Silinda iliyonse ya injini ili ndi kapampu kake. Kapampuko ndi zitsulo ziŵiri: kandodo konenepa ngati pensulo, kotchedwa plunger, ndi kachubu kamene kandodoko kamayendamo, kotchedwa barrel. Pansi pali shafiti ya manundu imene imakankha plunger iliyonse m'mwamba pa nthaŵi yake, ndipo sipuling'i imaibweza. Plunger imakwera mtunda womwewo nthaŵi zonse, galimoto ikhale ikuthamanga kapena ikungolira itaima. Nanga mafuta amachuluka ndi kuchepa bwanji? Luso lagona pa kamzera kokhota kosemedwa m'mbali mwa plunger. Plunger ikamakwera imatseka kabowo koloŵera mafuta, ndipo mafuta otsekeredwa pamwamba amakankhidwira ku injini; koma kamzera kokhotako kakangofika pa kabowo, mafuta amapeza pothaŵira, kukankha nkutha pomwepo. Dalaivala akaponda kuti galimoto ithamange, kachitsulo ka mano kotchedwa rack kamapotoza ma plunger onse pang'ono, kamzera kaja nkuchedwa kufika pa kabowo, mafuta nkuchuluka.

Pakati pa plunger ndi barrel palibe labala, palibe chikopa, palibe mphete iliyonse yotsekera. Chimene chimaletsa mafuta kudontha ndi kugwirana kwa zitsulo ziŵirizo basi. Milimita imodzi ikagaŵidwa ka 1,000, mpata wa pakati pake ndi magawo 2 mpaka 4 okha, pamene tsitsi la munthu nlonenepa magawo 50 kapena kuposapo. Ku fakitale zitsulo ziŵirizi zimapalidwa ndi kukwatitsidwa, ndipo ukwati wake ngwosatha: plunger ya kapampu aka singasinthanitsidwe ndi ya kapampu koyandikana nako. Amisiri amati munthu akafumbata plunger m'dzanja kwa kanthaŵi, kufunda kwa thupi lake kumaitupitsa mokwana kuti ikane kuloŵa m'barrel yake yomwe. Ndipo kugwirana kumeneku kuyenera kupirira mphamvu ya mabar mazana angapo, pa mapampu a pambuyo pake kuposa 1,000, pamene tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa mabar 2 kapena kuposerapo pang'ono.

Kamchenga kamene diso silingakaone nkakakulu kuposa mpata umenewu. Kakaloŵa kamakanda chitsulo, mafuta nkuyamba kubwerera m'mbuyo, injini nkumavuta kulira m'maŵa ndi kufooka pa chitunda. Madzi ngoipa koposa, pakuti galimoto ikagona nawo m'pampu amadzetsa dzimbiri pa malo amene sangapalidwenso. Wogulitsa chipangizo chotere sangachite popanda okonza, ndipo Bosch anali nawo kale: nyumba yoyamba yokonzera zipangizo zake inatsegulidwa ku Hamburg m'chaka cha 1921, ndipo pampu itabwera, nyumba zotere m'maiko ambiri zinalandira zida ndi mabuku a miyeso. Kuyambira pamenepo, dziko lililonse loitanitsa galimoto ya dizilo lakhala likuitanitsanso, lifune lisafune, chipinda chaukhondo, makina oyesera ndi munthu wodziŵa kuŵerenga miyesoyo.

Mapampu ambiri amene anayamba kufika kuno sanali a ku Stuttgart. Nyasaland anali pansi pa Britain, ndipo malole, mabasi ndi mathirakitala ake ambiri anali a kumeneko: Bedford, Leyland, Land Rover, Ferguson. Ku Britain dzina lalikulu linali CAV, zilembo zoyamba za dzina la Charles Anthony Vandervell, amene fakitale yake ya ku Acton mu London inagulidwa ndi kampani ya Lucas m'chaka cha 1926. M'chaka cha 1931 CAV inachita chipangano ndi Bosch nkuyamba kupanga mapampu a mtundu womwewo, ndipo m'chaka cha 1937, nkhondo yachiŵiri ili pafupi, Lucas anagula gawo lonse la Bosch m'kampaniyo. Panalinso Simms, imene pampu yake ya Minimec inali pa mathirakitala ambiri a Ford. Nayonso inagwa m'manja mwa Lucas m'chaka cha 1968. Kumidzi dizilo inafika kudzera m'chigayo. Injini za Lister za ku Dursley, zoyenda mwa pang'onopang'ono, zinali ndi kapampu kamodzi pa silinda iliyonse, ndipo kapampu kameneko kakatha amayi a mudzi wonse anali kubwerera ku mtondo.

Kusintha kwakukulu kunachokera ku America, kwa munthu amene anaphunzira za dizilo ndi sipanala m'manja. Vernon Roosa anali kugwira ntchito pa injini zopangira magetsi ku New York, ndipo poona vuto la kulinganiza timapampu tambiri pa injini imodzi, anapanga pampu imene kapampu kamodzi kamatumikira masilinda onse. Anapita nayo ku kampani ya ku Hartford m'chaka cha 1947, ndipo m'chaka cha 1952 inayamba kugulitsidwa ndi dzina lakuti Roosa Master. CAV inagula chilolezo, ndipo m'chaka cha 1956 inatulutsa pampu ya DPA. M'kati mwake muli chitsulo chozungulira chotchedwa rotor. Ma plunger aŵiri oyang'anana amafinya mafuta, ndipo rotor pozungulira m'chitsulo chinzake chotchedwa head imawagaŵira masilinda motsatana, monga mayi wogaŵa ndiwo m'mbale zonse ndi chipande chimodzi. Inali yaing'ono ndi yotsika mtengo. Inaikidwa pa injini za Perkins za ku Peterborough, pa mathirakitala a Massey Ferguson 35 ndi 135, ndiponso pa Land Rover ya dizilo, kotero kuti m'minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi ku Mulanje, ya fodya ya ku Kasungu ndi ya nzimbe ya ku Nchalo, zilembo zitatu zimenezi zinadziŵika kwa aliyense wogwira sipanala.

Komatu pampu yozungulira ili ndi pofooka pake. Pampu ya in-line ili ndi oyilo wofeŵetsa shafiti yake ndi manundu ake. M'kati mwa DPA mulibe oyilo ngakhale dontho. Chilichonse choyenda m'menemo chimafeŵetsedwa ndi mafuta a dizilo omwewo. Pa in-line kapampu kamodzi kakafooka, galimoto imatsimphina nkufika kunyumba ndi masilinda otsalawo. Pa pampu yozungulira, rotor ikamata m'head, injini imazima pomwepo, ndipo zitsulo ziŵirizo, zimene ndizo zodula koposa m'pampu yonse, zimasinthidwa pamodzi.

Nyumba ya mmisiri wa pampu imasiyana ndi galaja wamba. M'mabuku ophunzitsira ntchitoyi lamulo loyamba ndi la ukhondo: chipinda chotsekeka, benchi yokutidwa ndi chitsulo, pansi posatuluka fumbi, ndipo nsalu zothothoka ulusi siziloledwa. Pampu imatsukidwa kunja isanatsegulidwe. Tizitsulo take timaikidwa m'mbale za mafuta oyera, ta silinda yoyamba pa tokha, ta yachiŵiri pa tokha. Mmisiri amayang'ana plunger iliyonse pa galasi lokuzira zinthu, kufunafuna timizera ta mchenga ndi mawanga a dzimbiri. Chotha sachiwotcherera kapena kuchipala ayi. Amachotsa plunger ndi barrel yake yomwe nkuika zatsopano, kaŵirikaŵiri pamodzi ndi kavalavu ka pamwamba pake kamene kamaletsa mafuta kubwerera kuchokera m'paipi. Malabala onse otsekera amasinthidwa.

Pampu yomangidwa bwino koma yosayesedwa ili ngati sikelo ya pa msika yopanda miyala yake. Choncho imamangiriridwa pa makina oyesera otchedwa test bench, amene otchuka anali a Bosch ndi a Hartridge a ku Buckingham. Mota yamagetsi imazunguza pampu pa liŵiro limene buku lanena, mafuta apadera oyesera atafunditsidwa madigiri 40, ndipo paipi iliyonse imathira m'kabotolo kake kagalasi kokhala ndi mizera ya muyeso. Choyamba mmisiri amalinganiza nthaŵi. Shafiti ikazungulira kamodzi yayenda madigiri 360, choncho pa injini ya masilinda 6 timapampu tiyenera kuyamba kukankha motalikirana madigiri 60, pa ya masilinda 4 madigiri 90. Kenaka amalinganiza muyeso. Makina amaŵerenga kukankha ka 100 kapena ka 200, ndipo mafuta ayenera kuima pa mzera umodzi m'timabotolo tonse. Kamodzi kakaposa anzake, mmisiri amamasula, kupotoza pang'ono, kumanga, nkuyambanso. Amatero pa liŵiro lalikulu, amateronso pa liŵiro la injini yongolira itaima. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Pomaliza pamabwera governor. Injini ya dizilo payokha sidziŵa polekezera: ikapatsidwa mafuta ochuluka popanda katundu imangothamangirathamangira mpaka kudziphwanya. Governor ndi timiyala tachitsulo tozungulira, togwidwa ndi masipuling'i, timene liŵiro likakwera timatambasuka nkukokera rack m'mbuyo. Rack yomata, kapena governor yomangidwa molakwika, ingathe kuphulitsa injini pa mphindi yoyamba yoiliza. Ku mapeto a paipi iliyonse kuli nozzle, kachitsulo kamene kamasandutsa mafuta kukhala nkhungu, ndipo nayo imayesedwa pa kapampu ka dzanja. Yabwino imatseguka pa mphamvu yake, kulira ngati chiwala, nkutseka mosadontha. Ophunzira amachenjezedwa kuti asaike dzanja pa nkhungu imeneyo, pakuti imaboola khungu ngati jekeseni, ndipo anthu adulidwapo zala chifukwa cha iyo.

Zonse zikatha, bawuti yoletsa mafuta kupyola muyeso imamangidwa ndi kawaya ndi chidindo cha mtovu. Zidindo zimenezi sizikhalitsa. Palibe dalaivala wa lole amene sanamvepo kuti bawutiyo ikapotozedwa pang'ono galimoto imakwera phiri ngati gwape. Nzoona, mphamvu imawonjezekako. Koma mpweya wa m'silinda suwonjezeka, kotero mafuta otsala amasanduka mwaye ndi kutenthetsa mapisitoni mopyola. Utsi wakuda umene umaphimba msewu pa zitunda za Chiweta, kapena pokwera kuchokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre, ndi ndalama za mwini galimoto zikuuluka zosapsa nkomwe.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 magalimoto a ku Japan anayamba kuchuluka m'misewu ya kuno, ndipo m'zaka za m'ma 1990, malamulo a malonda atamasuka, kunasefukira magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito, odzera pa madoko a Durban, Beira ndi Dar es Salaam. Japan ndi Malaŵi onse amayenda kumanzere kwa msewu, choncho chiwongolero chili mbali yoyenera. Mmisiri amene anatsegula pampu ya Toyota kapena ya Isuzu koyamba sanapezemo chachilendo kwenikweni, chifukwa mapampu a ku Japan ndi adzukulu a ku Stuttgart komwe kuja. Kampani ya Diesel Kiki inakhazikitsidwa m'chaka cha 1939 kuti izipanga mapampu ndi chilolezo cha Bosch, ndipo m'chaka cha 1990 inasintha dzina kukhala Zexel. Nippondenso, imene pambuyo pake inatchedwa Denso, inachita chipangano ndi Bosch m'chaka cha 1953. Onse aŵiri anapanga pampu ya VE, imene Bosch anatulutsa m'chaka cha 1975. Imeneyi ili ndi plunger imodzi yokha, imene imazungulira uku ikukankha, ndipo ndiyo inayendetsa ma Hilux, ma Isuzu KB ndi maminibasi a Hiace ndi a Nissan Caravan amene omvera ambiri anakwerapo.

Magalimoto ameneŵa sanachoke kwawo chifukwa chotha. Malamulo oyesera magalimoto ku Japan amachititsa kuti kusunga galimoto yakale kukhale kodula, ndipo pa dizilo panali chifukwa china. M'chaka cha 1999 bwanamkubwa wa Tokyo, Shintaro Ishihara, anayamba kuonetsa atolankhani botolo lodzaza mwaye wa m'magalimoto a dizilo, ndipo m'mwezi wa Okutobala 2003 mzindawo ndi madera oyandikana nawo analetsa malole ndi mabasi akale osakwanitsa muyeso wa utsi. Ena mwa iwo anagulitsidwa kunja.

Galimoto yotere imadza ndi mavuto ake. Malabala a pampu amakhala atauma ndi zaka, ndipo la kutsogolo likatha, pa injini zina mafuta amadonthera pa lamba woyendetsa pampuyo, pa zina amaloŵa m'oyilo wa injini mwakachetechete, mwini galimoto nkumadabwa kuti oyilo akuchuluka yekha. Pampu inalinganizidwira dziko la m'mphepete mwa nyanja yamchere, pamene Lilongwe ali pa mtunda wa mamita oposa 1,000 ndipo Dedza ali pamwamba koposapo. Pa mamita 1,000 mpweya umapepuka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, kotero muyeso umene unali woyenera ku Yokohama umatulutsa utsi kuno. Ndiye pali nkhani ya manambala. Galimoto yopangidwira msika wa ku Japan nthaŵi zina ili ndi pampu yosiyana ndi ya inzake ya dzina lomwelo yogulidwa yatsopano kuno. Pa thupi la pampu pali kachitsulo kolembedwa manambala, ndipo manambalawo ndiwo amatsogolera mmisiri ku tsamba la miyeso yake. Kachitsuloko kakafufutika, kapena tsambalo likasoŵa, test bench yabwino bwanji imangokhala yoyerekezera. Injini zina, monga 1KZ-TE ya Toyota imene inatuluka m'chaka cha 1993, zinabwera ndi pampu yolamulidwa ndi kompyuta, ndipo eni ake ena, atasoŵa wodziŵa kuikonza, anaichotsa nkuikapo yakale yoyendera nthambo.

Za mafuta eni ake pali chikhulupiriro chimodzi chofunika kuchiwongola. Pamene dziko la Sweden linayamba kugulitsa mafuta a dizilo a sulufule wochepa kwambiri m'chaka cha 1991, mapampu ozungulira anayamba kutha msanga, ndipo m'chaka cha 1993, America atasinthanso mafuta ake, mapampu ambiri akale anayamba kudontha pa malabala. Anthu anayamba kunena kuti sulufule ndiye amafeŵetsa pampu. Si choncho. Njira yochotsera sulufule ku fakitale yoyengera mafuta imachotsanso tinthu tina timene ndito timapatsa mafutawo kuterera, ndipo oyenga atazindikira zimenezi anayamba kuthiramo mankhwala obwezera kuterako. Malaŵi, pamodzi ndi Mozambique ndi Zimbabwe, anatsitsa sulufule kuchoka pa magawo 500 kufika pa magawo 50 pa miliyoni m'chaka cha 2017, vutolo litadziŵika kale ndi mankhwala ake omwe. Mdani weniweni wa pampu kuno wakhala mafuta anyale, amene saterera ngati a dizilo, ndi madzi a m'migolo ndi m'zigubu. M'zaka za 2011 ndi 2012, pamene mizere ya magalimoto inali kugona pa malo omwetsera mafuta kwa masiku, ambiri anathaŵira ku mafuta a m'zigubu a m'mbali mwa msewu, amene wogula sanali kudziŵa zimene zasakanizidwamo. Galimoto inali kuyenda ndithu tsiku limenelo. Dipo lake linali kudikira kwa mmisiri wa pampu.

Pamene amisiri a kuno anali kuzoloŵera VE, opanga magalimoto anali atasiya kale njira yonse ya kamzera kokhota ndi timiyala ta governor. M'chaka cha 1995 Denso anaika pa lole ya Hino njira yotchedwa common rail, ndipo m'chaka cha 1997 Bosch, atamaliza ntchito imene inayambidwa ndi Fiat, anaiika pa Alfa Romeo 156 ndi pa Mercedes-Benz C 220 CDI. M'njira imeneyi pampu siyesanso muyeso kapena nthaŵi. Ntchito yake nkudzaza paipi imodzi yolimba ndi mafuta a mphamvu yaikulu, poyamba mabar 1,350, pambuyo pake kuposa 2,000. Kompyuta ndiyo imatsegula injector ya silinda iliyonse ndi magetsi, kangapo pa kuyaka kumodzi. Injini inaleka phokoso, utsi unachepa, mphamvu inakula, ndipo chidindo cha mtovu chinatha ntchito.

Kwa wokonza, zinthu sizinapepuke. Mipata ya m'kati inacheperachepera, ndipo mafuta amene DPA inali kumeza nkupirira, injector yatsopano imafa nawo. Injector ikakonzedwa imayesedwa pa makina a kompyuta odula kwambiri, amene amaipatsa nambala yosonyeza kathiridwe kake, ndipo nambalayo iyenera kulembedwa m'kompyuta ya galimoto kuti injini iyende bwino. Pampu ikaperesuka m'kati, timaphuthu tachitsulo timamwazikira m'paipi, m'ma injector onse mpaka m'thanki, kotero kuti kusintha pampu yokha nkutaya ndalama. Maina amene amisiri akale anakula nawo anazimirira pa zipangizo zatsopano: gawo la dizilo la Lucas linagulidwa ndi Delphi m'chaka cha 2000, ndipo Zexel inaloŵa m'banja la Bosch. Zitsulo zosinthira za DPA ndi za VE zinapitiriza kupangidwa m'mafakitale ambiri, ena a ku India ndi ku China, zina zabwino, zina zongofanana maonekedwe, ndipo kusiyanitsa kwake kunatsalira diso la mmisiri ndi mizera ya m'timabotolo take.

Toyota, podziŵa kumene Land Cruiser yake imakagwira ntchito, inapitiriza kwa zaka zoposa 30 kuika injini ya 1HZ, imene inatuluka m'chaka cha 1990, m'magalimoto otumizidwa ku Africa. Injiniyo ndi ya masilinda 6 ndi malita 4.2, ndipo pampu yake ndi ya mtundu wa VE, imene magetsi ake ntchito yaikulu nkutseka mafuta pozimitsa injini. Ndiyo yakhala ikuyendetsa maambulansi ambiri a zipatala za m'maboma ndi magalimoto a mabungwe othandiza anthu m'misewu yafumbi, ndipo pampu yake imayesedwa pa test bench yakale ya timabotolo tagalasi, yomweyo imene imayesa DPA ya Massey Ferguson 135.